Mankhwala a udzudzu kuno ku Harare: mmene ndimachitira pano kuti asatipweteke m'kupita kwa zaka

Mvula ikangoyamba mu Novembala kuno ku Mabvuku udzudzu umachita kubwera ngati wina wauitana, nde nthawi imeneyi azimayi anzanga a kumvano amakonda kundifunsa kuti kodi zodzola za udzudzuzi tikamapaka ana chaka ndi chaka sizidzawapweteka mtsogolo, sizibweretsa khansa? Inenso ndinali ndi mantha omwewo, moti kwa zaka ndithu ndinkakana kugula chodzola chilichonse, ndinkati mankhwala olowa pakhungu la mwana wanga ayi, m'malo mwake ndinkayatsa koyilo usiku uliwonse poti kwathu ku Balaka tinakulira zomwezo.

Timachita lendi zipinda ziwiri, windo la kuchipinda tinkatseka ikangokwana 6 koloko chifukwa cha udzudzu womwewo komanso akuba, nde koyilo ndinkaiika pa sosala pansi pa bedi, m'mawa n'kukataya phulusa lija lili chizungulireni, makatani ndi mayunifomu a ana zonse zikununkha utsi. Kamnyamata kanga kali ndi zaka 4 kanayamba kutsokomola usiku, chifuwa chouma chosatha, pena kakagona umachita kumva kamluzu m'chifuwa mwake. Tinapita kukiliniki katatu. Ulendo wachitatu anesi ena achikulire anandifunsa kuti mayi, usiku mumayatsa chani m'chipinda chomwe amagona mwanayu? Ndinangoti kakasi. Koyilo ndinasiya tsiku lomwelo, ndinagula neti, ndipo mmene mwezi umatha mwana anali akugona mpaka kucha. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsafunsa ndi kuwerenga za mankhwala amenewa, ndipo chomwe ndinapeza ndi chakuti chodzola chomwe ndinkachiopa chija ngozi yake ndi yochepa ukachigwiritsa ntchito moyenera, pomwe zomwe timapuma usiku ndi usiku m'chipinda chotseka ndi timabotolo topanda lebo tija ndi zomwe zikutidya mwakachetechete. Nde ndikuuzeni mmene ndimachitira pano, chimodzichimodzi.

Choyamba dziwani kuti mukulimbana ndi udzudzu uti, chifukwa zimenezi ndi zomwe zikuuzeni kuchuluka kwa mankhwala ofunika. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mumzinda muno malungo safala ngati kwathu. Udzudzu wambiri womwe umatilirira m'makutu kuno ndi wa mtundu wa Culex, umaswana m'madzi oipa, m'ngalande zotsekeka ndi pomwe paphulika suweji, umasowetsa tulo koma si umene umanyamula malungo. Wa malungo ndi Anopheles, umaluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndipo umapezeka kwambiri kumalo otsika otentha monga Kariba, Muzarabani, Mudzi, Chiredzi, Honde Valley, komanso njira yonse yopita kwathu ukangodutsa Mutoko, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Tanthauzo lake n'lakuti muli kuno palibe chifukwa chodzithira mankhwala amphamvu tsiku ndi tsiku ngati muli kunkhondo, koma mukanyamuka ulendo wa kumudzi pamenepo ndi posachita masewera.

Chachiwiri, musanagule kanthu zungulirani pakhomo panu. Ndi vuto la madzi lomweli aliyense ali ndi migolo, ndowa ndi zigubu, nde vundukulani muone, mukaona timphutsi tikuvinavina m'madzimo dziwani kuti udzudzu mukuweta nokha. Kukatentha dzira la udzudzu limafika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 okha, choncho kamodzi pa sabata khuthulani, tsukani m'mbali mwa mgolo ndi bulashi, ndipo chilichonse chosungira madzi chikhale chovundikira. Matayala akale, zitini, magatala a denga odzadza masamba, chitsime chosavundikira, zonsezo. Pawindo khomani waya wa sefa, ife tinapempha eni nyumba tinagawana mtengo wake, ndipo pano windo limagona lotsegula mphepo ikulowa.

Kenako neti. Apa sindichulutsa mawu poti tonse timaidziwa, kungoti neti yatsopano yonyikidwa m'mankhwala muiyanike kaye pamthunzi kwa tsiku lathunthu musanagonemo, ikapanda kutero ndi pomwe anthu amadandaula kuti ikuyabwa kumaso. Mankhwala ake amakhala mu ulusi, sakhala mumpweya womwe mukupuma, n'chifukwa chake ngakhale khanda ndi mayi woyembekezera amauzidwa kuti azigonamo. Ichapeni mofatsa ndi sopo wamba, musaiyanike padzuwa, ndipo imagwira ntchito bwino pafupifupi zaka 3 kapena kuchapa ka 20. Pakang'ambika sokani msanga.

Tsopano tifike pa zodzola, pomwe pali mantha ambiri aja. Mukalowa mufamase kapena musitolo tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, musamangoona chithunzi cha kutsogolo. Muyang'ane dzina la mankhwala enieni omwe ali mkatimo. Lomwe mulipeze kwambiri ndi DEET, pena amalemba dzina lake lalitali Diethyltoluamide, ndi yomwe ili mu Tabard ndi Peaceful Sleep zomwe ambiri timazidziwa. Palinso Picaridin yomwe ena amalemba Icaridin, komanso IR3535. Botolo lomwe silikunena chomwe chili mkati, kuchuluka kwake ndi tsiku lothera ntchito libwezeni pashelefu.

DEET si ya dzulo ayi. Anaipanga ku America mu 1946 kupangira asilikali, ndipo anthu wamba anayamba kuigula mu 1957, ndiye kuti papita zaka zoposa 60 anthu mamiliyoni akudzola chaka ndi chaka, kukanakhala kuti imabweretsa matenda obisika bwenzi pano zitaoneka poyera. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaiunikanso mu 1998 ndi mu 2014, ndipo maulendo onse awiri linapeza kuti ikagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo a pabotolo siika moyo wa munthu pachiswe, ana omwe, ndipo umboni woti imayambitsa khansa sunapezeke. Kagawo kochepa kamalowadi m'thupi kudzera pakhungu, izo ndi zoona, koma chiwindi chimakaphwanya n'kutuluka ndi mkodzo pafupifupi konse pasanathe tsiku limodzi, sikaunjikana m'thupi. Mavuto aakulu omwe analembedwapo, monga mwana kukomoka n'kumaphupha, ndi osowa kwambiri ndipo nthawi zambiri anachitika mwana atamwa mankhwalawo kapena atapakidwa mopyola muyezo mobwerezabwereza. Zomwe zimachitika kawirikawiri ndi kuyabwa pakhungu ndi kuwawa m'maso akalowamo.

Chomwe chimaopsa anthu ambiri ndi kuona zomwe DEET imachita ku pulasitiki. Bambo a kunyumba kwathu anadzola pamkono atavala wotchi, m'mawa galasi la wotchi lili mbuu ngati lapalidwa ndi mchenga, nde anati chinthu chosungunula pulasitiki chonchi chingasiye khungu? Koma khungu ndi pulasitiki n'zosiyana kapangidwe, DEET imasungunula pulasitiki, vanishi ndi nsalu zina zosakhala za thonje mmene sipiriti amachotsera inki. Ingovulani wotchi, samalani magalasi a maso ndi foni, ndipo ngati zimenezi zikukunyansani fufuzani Picaridin, iyo siononga pulasitiki, fungo lake ndi lochepa ndipo imateteza mofanana.

Za maperesenti apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Nambala yaikulu sikutanthauza kuti udzudzu uthawa kwambiri, ikutanthauza kuti mankhwala akhalitsa pathupi. Ya 10 peresenti imakutetezani pafupifupi maola 2, ya 30 peresenti pafupifupi maola 5, ndipo ikapitirira 50 palibe chenicheni chomwe mukuonjezera. Nde ngati mukungokhala pakhonde madzulo kudikira nsima yaing'onoyo ndi yokwanira, pomwe ya 20 kapena 30 ndi ya usiku wa pamaliro, mapemphero a usiku onse kapena kudikira basi pa boda. Kwa ana musapyole 30.

Podzola chitani chonchi. Pakani pokhapo pomwe pali poyera, mikono, miyendo, akakolo, khosi, mopyapyala basi osachita kunyowa, ndipo pansi pa zovala ayi chifukwa kumeneko kutentha ndi thukuta zimapangitsa kuti ambiri alowe m'khungu pomwe udzudzu sukanafikako n'komwe. Pabala, pachilonda, pomwe mwana wakanda mpaka kusupuka kapena pomwe mwangometa kumene lambalalani. Ngati ndi yopopera tulukani nayo panja, kumaso musapopere, poperani m'manja mwanu n'kupaka pamasaya ndi pamphumi mosayandikira maso ndi milomo. Mwana asadzipake yekha ngakhale alilire, mupakeni ndinu, ndipo m'manja mwake musapake chifukwa manja a mwana amathera m'kamwa ndi m'maso. Mukatha sambani m'manja musanagwire chakudya, tikumbukire kuti ife timadya ndi manja. Amene amadzola mafuta oteteza kudzuwa, monga abale athu achialubino, ayambe mafuta a dzuwawo, aume, kenako cha udzudzu pamwamba.

Gawo lomwe ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse pa nkhani ya m'kupita kwa zakayi ndi kusamba. Mukalowa m'nyumba ndipo mukukagona mu neti, sambani ndi sopo pomwe munapaka, ana apukuteni ndi kansalu konyowa ka sopo ngati madzi avuta, asagone nazo. Mukatero ndiye kuti mankhwala akhala pathupi maola ochepa okha omwe amafunikadi, usiku wonsewo neti ndi yomwe ikugwira ntchito.

Khanda lomwe silinakwane miyezi 2 musalipake chilichonse mwa zimenezi, livekeni zamanja aatali ndi masokosi n'kuliphimba ndi neti. Zija amati zachilengedwe za bulugamu wa fungo la mandimu, zolembedwa Lemon Eucalyptus kapena PMD, n'zosaloledwa kwa mwana wosakwana zaka 3, nde mawu oti zachilengedwe asakupusitseni. Kwa amayi oyembekezera, panachitika kafukufuku kumalire a Thailand ndi Burma yemwe anatuluka mu 2001, amayi pafupifupi 900 anatengapo mbali, ena mwa iwo ankadzola DEET ya 20 peresenti tsiku ndi tsiku kuyambira mimba itadutsa miyezi itatu, ndipo ana awo pobadwa komanso atakwana chaka sanasiyane ndi a amayi omwe sanadzole. Pomwe malungo kwa mayi woyembekezera tikudziwa tonse zomwe amachita, kuchepa magazi, kupita padera, mwana kubadwa wochepa thupi. Nde mchemwali wanga ngati uli ndi pakati ndipo ukupita kumudzi, dzola ndithu ndipo uyambe wadzera kusikelo ukawauze za ulendowo.

Za zumbani, chitsamba cha kuno chomwe chinatchuka nthawi ya Covid ija, ndi mpungabwi wa kwathu, fungo lake udzudzu sulikondadi, agogo athu sankanama, koma mphamvu yake imatha msanga, chimodzimodzi citronella. Pakhonde kuno ku Harare zithandiza, ku Tete musazidalire. Ndipo kuzifukiza pamoto m'chipinda chotseka ndi utsi womwewo basi.

Ndibwererenso ku koyilo poti ndi yomwe inandiphunzitsa. Vuto lake lalikulu ndi utsi weniweniwo, chifukwa gawo lalikulu la koyilo ndi utuchi ndi zomatira zomwe zimanyeka pang'onopang'ono kwa maola 7 kapena 8, nthawi yonse yomwe mwana ali mtulo. Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2003 atayeza makoyilo a ku China ndi Malaysia anapeza kuti koyilo imodzi imatha kutulutsa tifumbi ta utsi tolowa mpaka mkati mwa mapapo tofanana ndi ndudu 75 mpaka 137. Taganizani zimenezo usiku uliwonse kuyambira Novembala mpaka Epulo, chaka ndi chaka, m'chipinda chomwe windo ndi lotseka. Ngati mulibe njira ina yatsirani panja pakhonde pomwe mukucheza, kapena yatsani m'chipinda dzuwa likamalowa mulibe munthu, n'kuizimitsa ndi kupititsa mphepo musanagone. Pakhomo pomwe pali wodwala mphumu, khanda, kapena yemwe anadwalapo TB, koyilo isalowe m'nyumba. Timakina tomwe timalumikiza kumagetsi tija tilibe utsi koma mankhwala mukupumabe, nde ikani kutali ndi kumutu kwa bedi, windo likhale lotsegulako, ndipo musatisiye tikuyaka usana ndi usiku.

Zopopera za m'chitini monga Doom ndi zinzake ndi zophera tizilombo, si zodzola, pathupi ayi, pazofunda ayi. Vundikirani chakudya, madzi akumwa ndi mbale, tulutsani ana, poperani pang'ono m'makona, pansi pa bedi ndi kuseli kwa makatani, tsekani chitseko mutuluke. Ine ndimadikira mphindi 30 kenako n'kutsegula mawindo kwa mphindi zinanso 30 tisanalowe. Ndipo chonde magetsi akazima musapopere kandulo ikuyaka kapena sitovu ya gasi ili pamoto, zomwe zili m'chitinimo zimagwira moto. Amene muli ndi mphaka samalani ndi chilichonse cholembedwa Permethrin, kwa mphaka ndi poizoni, ndipo ngakhale kwa munthu imeneyo ndi yopopera pa zovala n'kudikira ziume.

Koma chomwe chimandisowetsa mtendere kwenikweni ndi timabotolo ndi timapepala topanda lebo tomwe timagulitsidwa m'misewu ndi m'misika, amati kamodzi kokha mphemvu, nsikidzi, udzudzu zonse zatha. Nsikidzi zitavuta m'mafulati a ku Mbare mu 2025 anthu ambiri anathamangira zimenezi poti munthu ukasowa tulo umagwira chilichonse. Zambiri mwa izo ndi mankhwala a kumunda othiridwa m'mabotolo a zakumwa, ena ndi a gulu lomwe limagwira mitsempha, ndipo mwana akaona botolo la zakumwa amadziwa chinthu chimodzi basi. Kuno ku Zimbabwe mankhwala ovomerezeka ophera tizilombo amakhala ndi chizindikiro cha makona atatu pa lebo, chobiriwira ndi chocheperako ngozi, kenako cha olenji, chofiira, ndipo chapepo ndiye choopsa zedi. M'nyumba mulowe chobiriwira chokha chomwenso chalembedwa kuti ndi cha m'nyumba. Choopsa kuposa zonse ndi mapiritsi aja oika m'matumba a chimanga kuphera anankafumbwe, a aluminium phosphide. Akakhudzana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wakupha wonunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, umadutsa pansi pa chitseko ndi m'ming'alu kukafika kuchipinda cha aneba, alibe mankhwala obwezera, ndipo ana ndi omwe amayamba kufa. Wina akakuuzani kuti ikani piritsi limodzi pansi pa matiresi nsikidzi zithe, kanani, ndipo ngati mumakhala nyumba yogawana uzaninso anzanu a zipinda zinazo. Nsikidzi zimafuna madzi owira pa zofunda ndi m'mphako za bedi, ayironi yotentha m'misoko, kubwereza sabata ndi sabata, ndipo zikakanika itanani anthu ovomerezeka opopera.

Ngozi ikachitika musataye nthawi. Mankhwala akalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15. Akatayikira pathupi vulani zovalazo musambe ndi sopo. Munthu akabanika ndi mpweya wake mutulutseni panja. Mwana akamwa musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira ngati mmene timauzirana, kusanza kumatha kulowetsa mankhwala m'mapapo ndipo mafuta amathandiza ena kulowa msanga m'thupi. Mukaona dovu likuchucha, thukuta lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kupuma movutika, kakuda ka pakati pa diso kachepa ngati kansonga ka singano, thamangani kukiliniki yapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti madokotala adziwe chomwe akulimbana nacho. Pakhomo zonsezi zizikhala pamwamba pomwe mwana sangafike ngakhale atakwera pampando, m'botolo lake lomwe zinabwera nalo, kutali ndi ufa ndi shuga.

Disembala ikafika ambiri timakwera basi kupita kwathu, nde ndikumbutse kuti ana obadwira kuno alibe chitetezo chilichonse cha malungo m'thupi mwawo, ndipo ife akuluakulu chomwe tinali nacho chimachepa tikakhalitsa kuno, n'chifukwa chake munthu amapita kumudzi ali bwinobwino n'kubwera kudzagonekedwa. Sabata ziwiri ulendo usanafike pitani kukiliniki kapena kufamase mukafunse za mankhwala akumwa oteteza malungo. M'chikwama cha m'manja, osati chomwe chili pansi pa basi, muikemo chodzola cha 20 kapena 30 peresenti, malaya a manja aatali ndi masokosi a ana, chifukwa mdima umatha kukupezani pa Nyamapanda kapena pa Zobue muli pamzere panja, ndipo neti yanu nyamulani musadalire kuti mukaipeza kwa agogo. Mukabwerako wina akatentha thupi, ngakhale patapita sabata ziwiri kapena mwezi, musayambe ndi panado n'kumadikira, pitani tsiku lomwelo akamuyeze magazi ndipo anesi muwauze msanga kuti mwachokera ku Malawi kudzera ku Tete, poti kuno munthu wa mumzinda akatentha thupi si nthawi zonse amayamba aganiza za malungo.